Momwe mungathandizire kukonza zolemba za MDN muli ku Zomba konkuno

Aliyense amene anaphunzirapo kupanga mawebusayiti kuno ku Zomba, kaya m'kalasi ku Chirunga kapena payekha m'chipinda cha lendi ku Chikanda, anawerengapo MDN Web Docs, webusayiti yofotokoza momwe HTML, CSS ndi JavaScript zimagwirira ntchito, ngakhale atakhala kuti sanalabadire dzina lake. Mukaiwala momwe flexbox imayalira zinthu, kapena mukafuna kudziwa chimene fetch imabweza netiweki ikaduka, nthawi zambiri yankho mumalipeza kumeneko, ndipo ngakhale mu Visual Studio Code mukaloza dzina la tagi ya HTML, kabokosi kamene kamatulukira kamakhala ndi linki yopita ku MDN. Chimene ambiri a ife sitidziwa n'chakuti zolembazi aliyense ali ndi ufulu wozikonza, ndiponso kuti munthu wa laputopu yakale ndi bandulo ya sabata imodzi angathe kuwongola chiganizo chimene anthu a m'mayiko ambiri amachidalira pa ntchito yawo. Ndikufuna kulongosola momwe zimenezi zimachitikira, poganizira magetsi athu, netiweki yathu ndi matumba athu.

MDN inayambitsidwa mu 2005 ndi Mozilla, eni ake a Firefox, ndipo poyamba inkatchedwa Mozilla Developer Center. Mu 2017 makampani a Microsoft, Google ndi Samsung pamodzi ndi bungwe la W3C anagwirizana zothandizana ndi Mozilla kuti zolemba zofotokoza webu zikhale pamalo amodzi, m'malo moti kampani iliyonse izilemba zakezake. Mu Ogasiti 2020 Mozilla inachotsa ntchito anthu pafupifupi 250, ndipo ena mwa iwo anali olemba a MDN. Mu Disembala chaka chomwecho zolemba zonse zinasamutsidwa kuchoka pa wiki kupita pa GitHub, webusayiti imene anthu amasungirapo code ndi kuikonza mogwirizana, ndipo mu Januwale 2021 kunakhazikitsidwa Open Web Docs, gulu lolandira thandizo la ndalama kuchokera ku makampani ndi kwa anthu wamba kuti lizilipira akatswiri olemba. Olemba olipidwawo ndi ochepa poyerekeza ndi masamba zikwizikwi ofunika kuwasamalira, pamene Chrome ndi Firefox zimatulutsa mtundu watsopano pafupipafupi. N'chifukwa chake ntchitoyi imafanana ndi dima: mwini munda alipo ndithu, koma mizere yambiri imalimidwa ndi anthu obwera ndi makasu awo.

Khasu lanu loyamba ndi akaunti ya GitHub

Kutsegula akaunti ya GitHub n'kwaulere ndipo kumangofuna imelo, koma pali zinthu ziwiri zoyenera kuzichita tsiku lomwelo. Choyamba, sankhani dzina limene simungachite nalo manyazi mukalilemba pa kalata yofunsira ntchito, chifukwa chilichonse chimene mungakonze chidzakhala pansi pa dzinalo kwa zaka zambiri, ndipo mu settings yatsani mbali yobisa imelo yanu kuti isamaonekere pa commit iliyonse, kutanthauza kusintha kulikonse kumene mwasunga. Chachiwiri, kuyambira mu 2023 GitHub imafuna kuti anthu othandiza pa ntchito zoterezi akhale ndi chitetezo chachiwiri kuwonjezera pa mawu achinsinsi. Ndi bwino kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa foni yotulutsa manambala osinthasintha, pakuti imagwira ntchito ngakhale netiweki kulibe. Pamapeto pake GitHub idzakupatsani manambala opulumutsira akaunti, ndipo amenewa muwalembe papepala n'kuwasunga limodzi ndi masatifiketi anu. Foni imatha kutsala m'minibasi ya ku Limbe kapena kugwera m'madzi, ndipo munthu amene alibe pepala limeneli angataye akaunti yake pamodzi ndi mbiri yonse ya ntchito yake.

Kusankha chokonza

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amayamba ndi kufunafuna chinthu chachikulu choti adziwike nacho. Langizo langa ndi lakuti muyambe ndi tsamba limene mukuliwerenga kale pa ntchito yanu kapena pa maphunziro anu, ndipo muzisunga kakope kolembamo paliponse pamene mwapunthwa: chitsanzo cha code chimene sichinagwire ntchito mutachikopera, linki yopita ku tsamba lomwe kulibe, chiganizo chimene munachiwerenga katatu osachimva, kapena mawu amene agwiritsidwa ntchito asanafotokozedwe. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa zolemba zophunzitsa mawuwa ndi oona kwambiri, pakuti katswiri amene analemba tsambalo sangaonenso sitepe imene anaidumpha, koma wophunzira amagwera m'dzenjemo ndipo amadziwa pamene lili. Ife amene Chingerezi si chiyankhulo cha pabere tili ndi mwayi winanso: timazindikira msanga chiganizo chimene chadalira mwambi wa ku America umene owerenga a kwina sangaumve.

Ngati kakope kanu kadakali kopanda kanthu, pitani ku repository (nkhokwe ya mafayilo) yotchedwa mdn/content pa GitHub, mutsegule mbali ya Issues, kumene anthu amalembako mavuto amene apeza, ndipo mufufuze zimene zaikidwa chizindikiro chakuti good first issue. Musanayambe, werengani zonse zimene anthu akambirana pansi pa issue imeneyo, muone ngati palibe wina amene waitenga kale kapena amene watumiza kale pull request yake, pempho lakuti kukonza kwake kulandiridwe. Kulima mzere umene mnzanu wayamba kale kumangotayitsa nthawi anthu atatu: inu, iyeyo ndi wowunika.

Musasinthe kanthu musanatsimikize

Mbali iyi ndiyo mtima wa ntchito yonse, ndipo ndikupemphani kuti musaithamangire. Kumva ngati chinthu chalakwika si umboni wakuti chalakwikadi. Tinene kuti mukuwerenga za Intl.NumberFormat, mwasintha chitsanzo kuti chisonyeze ndalama za kwathu poika MWK ngati currency, ndipo zotsatira zake zikusiyana ndi zimene mumayembekezera mutawerenga tsambalo. Tsegulani console ya browser, malo oyeseramo code, podina F12, mulembemo chitsanzocho monga momwe chilili osasintha kalikonse, muone chimene chikutuluka. Kenako muyese chosinthidwa chanucho. Mukatero, chitani zomwezo mu browser ina yosiyana nayo injini. Dziwani kuti Chrome, Edge, Opera ndi Samsung Internet zonse zimamangidwa pa Chromium, kotero kuyesa mu zinayizi kuli ngati kufunsa mboni imodzi kanayi. Mboni yachiwiri yeniyeni ndi Firefox, imene ili ndi injini yakeyake yotchedwa Gecko, ndipo yachitatu ndi Safari ya WebKit ngati pali mnzanu wa iPhone amene angakubwerekeni kwa mphindi zingapo.

Mabrowser akasiyana, pitani ku malamulo enieni amene onse amayenera kutsata. HTML imayang'aniridwa ndi WHATWG, CSS ndi W3C, ndipo JavaScript ndi komiti ya TC39 ya bungwe la Ecma. Pafupifupi tsamba lililonse la MDN lofotokoza chinthu chimodzi lili ndi gawo la Specifications chakumunsi, lokhala ndi linki yopita pandime yeniyeni ya lamulolo. Chingerezi cha m'malamulowa n'cholemera, koma simukufunika kuwerenga buku lonse. Ndime imodzi yokhudza nkhani yanu ndi yokwanira, ndipo linki yake mudzaiika mu pull request yanu ngati umboni. Mungapeze kuti tsamba la MDN n'lolondola ndipo vuto lili mu browser, kapena kuti munalimva molakwika ndinu. Zikatero simunataye kanthu, chifukwa mwaphunzira chinthu chimene simudzachiiwala.

Pa nkhani yomweyi ndinene za mapulogalamu a AI olemba mawu, amene masiku ano ali pa foni ya wophunzira aliyense. Musatumize chiganizo kapena code imene simunaiyese ndi manja anu komanso imene simungathe kuifotokoza mutafunsidwa. Owunika ambiri amagwira ntchitoyi pa nthawi yawo yopuma, ndipo kuwapatsa ndime zosalala koma zosatsimikizika n'kuwasenzetsa katundu wanu.

Kukonza kwenikweniko

Pa kusintha kwakung'ono simukufunika kutsitsa chilichonse pa kompyuta yanu, ndipo zimenezi n'zofunika kwa ife owerengera megabaiti iliyonse. Pitani kumunsi kwenikweni kwa tsamba la MDN limene mukufuna kukonza, ndipo mudzapeza malinki awiri, ina yakuti View this page on GitHub ndi ina yakuti Report a problem with this content. Yachiwiriyo ndi ya munthu amene waona vuto koma sakudziwa kakonzedwe kake, ndipo kufotokoza vuto momveka bwino ndi thandizo lenileni lomwe simuyenera kulipeputsa. Yoyambayo imakufikitsani pa fayilo yotchedwa index.md, imene ili mkati mwa foda ya files/en-us motsatira adiresi ya tsambalo. Dinani kachizindikiro ka pensulo, ndipo popeza mulibe chilolezo cholemba mwachindunji mu repository ya eni ake, GitHub idzakupemphani kuti mupange fork, kutanthauza kope lanulanu la repository yonse, losungidwa pa makina awo osati pa laputopu yanu.

Fayiloyo imalembedwa mu Markdown, kalembedwe kosavuta kamene mutu umayamba ndi chizindikiro cha # ndipo code imatsekeredwa pakati pa timizere titatu topendeka. Pamwamba penipeni pali kagawo kokhala ndi title, slug ndi page-type. Musakhudze slug, chifukwa ndiyo adiresi ya tsambalo, ndipo kuisintha mwachisawawa kumadula malinki onse olozako. Kusamutsa tsamba kuli ndi njira yakeyake imene imasiya chilozero pa adiresi yakale. Mudzaonanso mawu ena monga Compat, Specifications, domxref ndi cssxref atazingidwa ndi zizindikiro zopindika ziwiri mbali iliyonse. Amenewa ndi malangizo opita kwa makina omanga tsambalo kuti aikepo tebulo kapena linki, ndipo ngati simukuwamvetsa asiyeni momwe alili. Sinthani chokhacho chimene mwabwerera, ngakhale mutaona zina khumi zokukhumudwitsani, pakuti pull request yaing'ono yokhudza nkhani imodzi imawunikidwa msanga kuposa yaikulu yosakaniza zambiri.

Pali msampha umodzi umene umakola makamaka ife a ku Malawi. Kusukulu tinaphunzira kalembedwe ka Chingerezi cha ku Britain, koma MDN imatsata ka ku America. Ine kukonza kwanga koyamba kunali kumeneku: usiku wina ku Matawale magetsi atathima, batire ya laputopu itatsala pang'ono kutha, ndinaona mawu akuti behavior ndipo ndinaikamo u ndili wotsimikiza kuti ndapeza cholakwika. Patapita masiku awiri wowunika anandiyankha mwaulemu, anandilozera ku malangizo a kalembedwe, ndipo anatseka pull request yangayo. Ndinakhumudwa, koma tsiku lomwelo ndinawerenga malangizowo kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo ndiwo anandisonyeza zinthu zenizeni zimene owunika amayang'ana: ziganizo zazifupi zolunjika, kufotokoza mawu ofupikitsidwa pamene akuonekera koyamba, ndi kupewa kuuza wophunzira kuti chinthu n'chophweka pamene iye chikumuvuta. Malangizowa ali pa MDN pomwepo pansi pa mutu wakuti Writing style guide, ndipo ndi bwino kuwawerenga musanadine pensulo ija. Kumbukiraninso kuti mu CSS momwemo dzina ndi color, ndipo mukalemba colour browser siidzakumverani.

Mukamaliza kusintha, GitHub idzakufunsani mawu achidule ofotokoza commit yanu, kenako idzakupatsani batani lotsegulira pull request, lomwe ndi pempho lakuti eni ake alandire kusintha kwanu. Pamenepa padzatuluka fomu yofunsa chimene mwasintha, chifukwa chake, ndi zina zothandiza. Musaisiye yopanda kanthu. Nenani tsamba lake, nenani chimene chinalakwika, tchulani mabrowser amene munayesera ndi manambala a mitundu yake, ndipo ikani linki ya lamulo lija. Ngati mukukonza issue imene inalipo kale, lembani mawu akuti Fixes otsatiridwa ndi # ndi nambala yake, kuti issueyo idzatsekeke yokha ntchito yanu ikalandiridwa. Chingerezi chanu sichifunika kukhala chokometsera. Chofunika n'chakuti munthu wotopa amene akuwerenga pempho lakhumi tsiku limenelo amve nkhani yanu atangowerenga kamodzi.

Pakangopita mphindi zochepa, makina adzayeza fayilo yanu ngati yatsata kalembedwe koyenera, ndipo adzaika linki yoonetsa momwe tsambalo lidzaonekere. Tsegulani linkiyo muwerenge ntchito yanu ngati mlendo. Pakaoneka chizindikiro chofiira musachite mantha, dinani kuti muone uthenga wake, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala laling'ono ngati mpata wotsalira kumapeto kwa mzere.

Kenako mumadikira munthu. Nthawi zina yankho limabwera tsiku lomwelo, nthawi zina pamadutsa masabata, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Wowunika akapempha kuti musinthe zina, sikuti wakukanani. Nthawi zambiri amalemba yekha chiganizo chimene akuganiza, ndipo inu mumangodina Commit suggestion ngati mwagwirizana nacho. Ngati simukugwirizana nacho, fotokozani chifukwa chanu ndi umboni, mwaulemu womwewo umene mungayankhire aphunzitsi anu. Musatseke pull request kuti mutsegule ina. Pitirizani kukonza pa branch yomweyo, ndiyo nthambi ya fork yanu imene ili ndi kusintha kwanu, ndipo zosintha zanu zidzaonekera zokha. Pakadutsa masabata awiri kuli zii, uthenga umodzi waufupi wokumbutsa ndi wokwanira.

Ntchito ikakula

Mukafika polemba ndime zingapo kapena kukonza masamba ambiri nthawi imodzi, mudzafuna kope la pa laputopu yanu. Ikani Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha, ndi Node.js, yoyendetsera zida zomangira masamba, ndipo potsitsa fork yanu gwiritsani ntchito git clone --depth 1, kuti mutenge mafayilo a lero okha popanda mbiri yonse ya zaka zapitazo. Ngakhale zili choncho, kutsitsa koyamba pamodzi ndi zida zomangira masamba kumadya bandulo, choncho chitani zimenezi pa Wi-Fi ya kusukulu kapena ya kuntchito, kapena pa bandulo ya usiku. Malamulo oyendetsera zidazi amasinthasintha, ndiye tsatirani zimene zalembedwa mu fayilo ya CONTRIBUTING.md tsiku limene mukuyamba. Zikayenda bwino mudzaona MDN ikutseguka pa kompyuta yanu pa adiresi ya localhost:5042. Ubwino wa Git kwa ife ndi wakuti siidalira intaneti: mungathe kupanga branch, kulemba, ndi kusunga ma commit anu masana onse netiweki kulibe, n'kudzatumiza zonse ndi git push mukapeza netiweki. Zolowerani kusunga commit pafupipafupi, chifukwa laputopu ya batire yofooka imazima nthawi yomwe magetsi athima.

Pali gawo lina limene ndikuona kuti ife tingathandizepo kuposa anthu ambiri a kumayiko olemera. Matebulo a kumunsi kwa masamba, osonyeza browser imene imatha chinthu chakutichakuti kuyambira mtundu uti, amachokera ku repository ina yotchedwa mdn/browser-compat-data, yolembedwa mu JSON, ndipo webusayiti ya Can I use nayonso imatengako zina mwa zimene imasonyeza. M'matebulowa, zambiri zokhudza mabrowser a pa foni sizinayesedwe pa foni yeniyeni, koma zimangotengeredwa kuchokera ku browser ya pa kompyuta ya injini yomweyo, ndipo mu fayilo mumalembedwa mawu akuti mirror. Nthawi zambiri kutengeraku kumakhala kolondola, koma si nthawi zonse. M'nyumba zathu ndi m'mashopu okonza mafoni pa msika wa Zomba muli mafoni a Android akale amene olemba mapulogalamu a ku Berlin kapena San Francisco anawataya kalekale, komabe ndi amene makasitomala athu amatsegulira mawebusayiti. Mukapeza kuti tebulo likuti chinthu chimagwira ntchito koma pa foni yanu sichikugwira, lembani kachitsanzo kakang'ono kosonyeza vutolo, tengani nambala yeniyeni ya browser yanu, imene mu Chrome mumaipeza polemba chrome://version pamalo a adiresi, ndipo tsegulani issue mu repository imeneyo. Onetsetsani kaye kuti vuto si netiweki kapena kudzaza kwa foniyo.

Za umwini ndi za Chichewa

Chilichonse chimene mwapereka ku MDN chimakhala pansi pa layisensi yotseguka. Mawu ofotokoza ali pansi pa Creative Commons Attribution-ShareAlike 2.5 kapena mtundu wotsatira, ndipo zitsanzo za code zimene zinalowa kuyambira pa 20 Ogasiti 2010 zili pansi pa CC0, kutanthauza kuti aliyense angazigwiritse ntchito popanda choletsa. Chotsatira chake n'chakuti simungakopere ndime ya m'buku, ya m'manotsi a aphunzitsi kapena ya pa webusayiti ina n'kuipereka ngati yanu, chifukwa simungagawire anthu chinthu chimene si chanu. Lembani ndi mawu anu, ndipo chitsanzo mupange nokha.

Funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti kodi tingamasulire MDN m'Chichewa. Zomasulira zimasungidwa mu repository ya mdn/translated-content, ndipo kumeneko amalandira ziyankhulo zochepa zokha zimene zili ndi gulu loziyang'anira mosalekeza, monga Chifalansa, Chijapani, Chikoreya, Chirasha, Chisipanishi, Chipwitikizi cha ku Brazil ndi Chitchaina. Chichewa mulibe, choncho pull request ya tsamba la Chichewa siingalandiridwe kumeneko, ndipo chifukwa chake n'chomveka: tsamba lomasuliridwa limene latsalira m'mbuyo pamene la Chingerezi lasintha limasocheretsa wophunzira. Koma layisensi ija imakulolani kumasulira phunziro lililonse, mwachitsanzo la kuyamba HTML, n'kuligawa kwa ana a sekondale ku Chinamwali kapena ku Domasi, malinga ngati mwatchula kuti lachokera ku MDN ndipo linalembedwa ndi Mozilla Contributors, mwaika linki ya tsamba loyambirira, ndipo mwalitulutsa pansi pa layisensi yomweyo. Lembanipo tsiku limene munamasulira, kuti wowerenga adziwe msinkhu wake. Mukaliika pa intaneti, mu tagi ya html lembani lang="ny", pakuti ny ndicho chizindikiro cha Chichewa m'ndondomeko ya ISO 639-1, ndipo musaiwale kunena kuti charset ndi utf-8, kuti chilembo cha ŵ cha mu dzina lakuti Malaŵi chisasanduke zizindikiro zosawerengeka pa foni ya wophunzira.